Funsani a Malume: Tigalimoto tanga takwera mtengo, nditani?

A Malume,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Pakhomo tili ndi ana atatu, wamkulu ali fomu 3 kusukulu yogonera konko, enawo akadali ku pulaimale. Nkhani yangayi ndikudziwa ena aiwerenga akuseka koma ine ikundisowetsa tulo, nde ndati bola ndikufunseni inuyo.

Ine ndimatolera tigalimoto tachitsulo tija ta Hot Wheels ndi Matchbox. Osati kugulira ana ayi, tanga ine mwini wake. Zinayamba mu 2016 ku msika wa Limbuli, ndinapita kukagula nsomba zouma ndi chitenje cha mayi a kunyumba, pobwerera ndinaona mnyamata atayala zidole za kaunjika pa saka, nde pakati pa zidole zothothoka tsitsi ndi zina zopanda mikono panali ka Land Rover kobiriwira, penti itasupuka pa chitseko. K200 basi. Nditakanyamula m'manja ndinangoima duu, chifukwa malemu bambo anga ankayendetsa Land Rover yangati yomweyo pa esiteti, ndipo Loweruka akamaitsuka ine ndinkawagwirira ndowa. Kuchokera tsiku limenelo sindinasiye. Pano ndili nato 312, kalikonse ndinakalemba mu kope, dzina lake, komwe ndinakagula ndi ndalama zake. Tina tili pa shelefu pabalaza, tina tokhala m'mapaketi mwake ndimatisunga mu katoni. Usiku wa namondwe wa Freddy uja madzi atayamba kulowa m'nyumba, ine ndinanyamula ana awiri, mayi a kunyumba anabereka wamng'ono kumbuyo nkusenza katoni imeneyi pamutu mpakana kutchalitchi komwe tinakagona.

Vuto ndi mitengo a Malume. Mu 2019 katsopano ka mu paketi ndinkagula K1,800 mu shopu ku Blantyre, ndikapita kumatha kwa mwezi ndinkabwera nato tinayi kapena tisanu osamva kuwawa. Mwezi wathawu ndakapeza komweko pa K9,500. Anyamata a kaunjika nawo anatulukira kuti kuli akuluakulu ofuna timeneti, pano amatisankha pambali, kamene kanali K300 akuti K3,000 ndipo satsitsa. Malipiro anga anakwerako inde koma shuga, mafuta ophikira, fizi, feteleza, zonse zathamanga kundisiya kumbuyo.

Apa nde pamene ndalakwa. Kuli mnzanga wina amapita ku Joni pa basi kukaoda katundu, ananditumizira zithunzi pa WhatsApp za tigalimoto tiwiri ta matayala a labala, ka Land Cruiser ndi ka Datsun, akuti K40,000 kamodzi ndipo ndikachedwa atenga wina wa ku Limbe. Mtima unandithamanga, ndinapita kwa munthu wa katapila nkutenga K80,000 yoti ndikabweze K120,000 mwezi ukamatha. Kunyumba ndinanena kuti malipiro adula chifukwa cha ngongole ya kuntchito. Tigalimototo tili mu dilowa ku ofesi, sindingapite nato kunyumba, ndimangotsegula dilowa nkuyang'ana nkutsekanso. Ndipo aka sikoyamba kubisa, chaka chino chokha tilipo tisanu ndi tiwiri tomwe mkazi wanga sakutidziwa.

Pano anthu akundiuza zosiyana. Mnzanga wa ku Joni uja akuti ndisasiye kugula chifukwa timeneti ndi chuma, mtengo ukungokwera nde tsiku lina ndidzagula poloti. Bambo wina wa ku Blantyre yemwe tinadziwana pa Facebook akuti andipatsa K400,000 ndimupatse tonse kamodzi. Apongozi anga akazi ananena kale pamaso pa ana kuti mwamuna wa imvi kumasewera ndi zidole nzamanyazi. Ine kunena zoona sindikufuna kusiya, koma ndikuona kuti sindingakwanitsenso ngati kale. Tobwereza, tomwe ndili nato tiwiritiwiri, tilipo pafupifupi 40. Ndigulitse tonse ndiiwale? Ndipitilize? Nanga mkazi wanga ndimuyamba bwanji? Komanso mapaketi ena ayamba kuchita chuku ndi chiperoni chathu chino.

Wa tigalimoto, Chitakale

Achimwene a ku Chitakale,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo sindinaseke olo pang'ono. Ine ndinakulira ku Makwasa ku Thyolo uko, ndipo tili ana galimoto zathu tinkapanga tokha ndi mawaya, matayala ake zitini za polishi wa nsapato, kumanga ndi malegeni, chiwongolero waya wautali woti uziyendetsa uli chiimire. Yanga inali lole yonyamula tiyi, ndinaiika mpaka thumba la masamba kumbuyo. Tsiku lomwe inapondedwa ndi thirakitala ndinalira ngati kwagwa maliro, ndipo mpaka lero ndikaona mwana akuyendetsa ya mawaya m'mbali mwa msewu ndimacheuka. Nde za ka Land Rover kobiriwira kaja ndi ndowa ya bambo anu ndazimva bwinobwino, musadzione ngati munthu wodabwitsa. Kunja kuno akuluakulu otolera timeneti ndi ambiri zedi, mpaka kampani ya Mattel yomwe inayambitsa Hot Wheels mu 1968 imapanga tina todula dala podziwa kuti ogula ake ndi abambo a ndevu osati ana. Ta matayala a labala tomwe mwabisa mu dilowato ndi tomweto.

Za mitengo ndikuuzeni mosabisa, musadikire kuti itsika. Kagalimoto kameneka ku America kakhala kakugulitsidwa pa dola imodzi kapena kuposera pang'ono kwa zaka zambirimbiri, kukwera kwake kumeneko nkochepa. Chomwe chasintha ndi kwacha yathu. Mu 2019 pomwe munkagula K1,800 paja dola inali cha m'ma K740. Mu Meyi 2022 ndalama yathu anaigwetsa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, kenako nkukakhazikika pa K1,751 ku banki. Koma inu mukudziwa, ine ndikudziwa, kuti mnzanu wa pa basi uja dola kapena randi sakaipeza ku banki, amakaigula kwa anyamata a pa blaki komwe nthawi zina mtengo umawirikiza kawiri. Ndiye ganizani ulendo wa kagalimotoko, kapangidwa ku Malaysia kapena Thailand kapena Indonesia, kakwera sitima ya pamadzi mpaka South Africa, kakhala mu shopu ku Johannesburg, kakwera basi kudutsa Tete, kafika pa Mwanza pomwe a MRA akufuna msonkho wawo, wonyamulayo naye aikepo phindu lake ndi ya tikiti. Pena paliponse kakudutsa pakufunika ndalama yakunja. Ngakhale kaunjika yemwe, belo limabwera ndi dola. Nde malipiro a kalaliki wa pa esiteti omwe amabwera mu kwacha sangapikisane ndi zimenezo, ndipo si kulephera kwanu.

Mnzanu akuti nchuma, mudzagula poloti. Amene akukuuzani zimenezo ndi yemweyo akukugulitsani, yambani mwaona pamenepo. Hot Wheels amapanga tigalimoto mamiliyoni mazanamazana chaka chilichonse, chinthu chochuluka chonchi sichisowa, ndipo chosasowa sichikwera mtengo. Mukaona kuti ka K1,800 kafika K9,500 musamati kagalimoto kalemera, ndi kwacha yapepuka, mutakagulitsa lero ndalamayo singakugulireni shuga wochuluka kwambiri kuposa yemwe K1,800 inkagula nthawi ija. Tilipo inde tochepa tomwe otolera amalimbirana. Ta Hot Wheels toyambirira, ta pakati pa 1968 ndi 1977, tokhala ndi kamzere kofiira kuzungulira tayala, amati Redline. Ta Matchbox takale tolembedwa kunsi kuti Lesney ndi Made in England, poti Matchbox inayambira ku England mu 1953 ndipo kampani ya Lesney inagwa mu 1982, pano dzinalo lili m'manja mwa Mattel yomweyo. Palinso tomwe amati Super Treasure Hunt, timabisika pakati pa wamba mu shopu, matayala a labala, penti yowala kwambiri ndi zilembo TH penapake pathupi. Tengani kope lanu lija Lamulungu masana, muzitembenuza kamodzikamodzi nkumawerenga kunsi. Koma chenjerani, chaka cholembedwa kunsiko nthawi zambiri ndi chaka chomwe anajambula mtundu wa galimotoyo, osati chomwe kanapangidwa kanuko, anthu ambiri amapusitsika napo nkumati ndili ndi ka 1979 pomwe kanatuluka mu fakitale dzana. Ndipo olo mutapeza kamodzi kosowa, wogula wa ndalama zenizeni ali ku London kapena ku America, kuti mukamufikire kuchokera pa Chitakale ndi ntchito ina.

Bambo wa K400,000 uja musamuyankhe msanga. Gawani nokha, K400,000 pa tigalimoto 312 ndi pafupifupi K1,300 kamodzi, kuchepera ndi mtengo womwe munkagulira mu 2019, pomwe mnyamata wa kaunjika akukana kutsika pa K3,000. Iyeyo waona zithunzi, wawerengera kale kuti akasankhamo makumi awiri kapena atatu abwino ndalama yake yabwerera, totsalato mphindu. Sindikumunena kuti ndi wakuba, ndi malonda, koma akugula kwa munthu amene wapanikizika ndipo akudziwa. Komanso mukagulitsa tonse chifukwa cha mantha a mwezi umodzi, ka Land Rover kaja kapita nawo, ndipo ndikukuuzani pakatha miyezi itatu mudzapezeka muli pa Limbuli mukufunafuna kena pa mtengo wa lero.

Tsopano tifike pomwe pali bala. Mu kalata yanu yonse chomwe chandiopsa si 312 ayi, ndi tisanu ndi tiwiri tija tobisa, ndi bodza la malipiro, ndi katapila. K80,000 kubweza K120,000 mwezi umodzi, ndiye kuti tigalimoto tiwiri tija simunagule K40,000 kamodzi, mwagula K60,000, ndipo mukaphonya tsiku wakatapila saseka, chiwongola dzanja chimaberekana, mawa lake mudzamupeza pageti la ofesi kapena pakhomo akuloza njinga kapena wailesi. Akafika pakhomo mkazi wanu nkumva kwa iyeyo, pamenepo nde mwaononga zambiri kuposa ndalama. Ndipo taonani nokha, kale mukagula munkabwera nako kunyumba nkukaika pa shelefu ana nkumaona, pano mukutsegula dilowa nkutseka ngati munthu wosunga chakuba. Chisangalalo chomwe munkachifuna chija mu dilowamo mulibe.

Mwandifunsa kuti mkazi wanu mumuyamba bwanji. Bwererani ku zomwe mwalemba nokha. Usiku wa Freddy, mu Malichi 2023 muja, mvula ikugwa masiku osaleka, miyala ndi matope zikutsika m'phiri, anthu akuthawa ndi zovala za m'thupi zokha ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Chilobwe, mayi ameneyu anabereka mwana nkusenza katoni ya tigalimoto tanu. Akanatha kusenza ufa, akanatha kusenza mabulangete kapena ziwiya zake, palibe akanamudzudzula. Anasenza katoni chifukwa amadziwa kuti mumtima mwanu muli chani. Munthu wotero si mdani wa tigalimoto tanu, ndipo si woyenera kunamizidwa za malipiro. Nde musadikire mwezi uthe. Sankhani madzulo ana atagona, apongozi kulibe, mubwere nato tonse tisanu ndi tiwiri mu jumbo, mutiike patebulo, munene kuti mayi ndinakunamizani, malipiro sanadule, ndinatenga katapila ya chakuti ndipo ikufunika tsiku lakuti. Osayamba ndi kufotokoza za dola ndi kwacha, osayamba ndi kuti mnzanga anandikakamiza, zimenezo zidzamveka ngati mukuzemba. Adzakwiya, mwina masiku angapo nsima idzabwera opanda mawu, ndipo ali ndi chifukwa, iye wakhala akuchepetsa mafuta mu ndiwo poganiza kuti kuntchito akudulani. Mupirire. Musamupemphenso kuti akakutengereni ku banki mkhonde kuti mutseke katapila, ngongoleyi ndi ya tigalimoto, ibwezedwe ndi tigalimoto.

Apa nde tobwereza 40 tija tigwire ntchito. Tijambuleni bwino kamodzikamodzi panja pa kuwala, muike mtengo pa kalikonse, mugulitse kwa otolera anzanu a ku Blantyre ndi Lilongwe, ndalama ibwere pa Airtel Money kapena Mpamba musanatumize katundu pa minibasi. Pa K3,000 kamodzi 40 ndi K120,000 yomweyo, ndipo ta m'mapaketi tosatsegula mukhoza kuitanitsa kuposa apo. Koma nthawi yanu njochepa, nde pa tiwiri ta labala tija kamodzi kapite, muuzeni mnzanu uja akupezereni munthu wa ku Limbe yemwe ankati akufuna. Ine ndikanakhala inu ndikanasunga ka Land Cruiser. Bambo wa K400,000 naye mukhoza kumuuza kuti tonse ayi, koma nazi 25 izi pa mtengo wakuti, mudzaona ngati amafunadi.

Ngongole ikatha, kugula kwa mwezi ndi mwezi kuja kwatha nako, vomerezani. Mugwirizane ndi mayi ndalama yodziwika, kaya ndi K5,000 pa mwezi kaya ndi yochepera, ituluke pambuyo pa fizi, ufa ndi feteleza osati patsogolo, ndipo ikhale yoti onse mukuidziwa. Ikakhala yosakwana kagalimoto, isungeni miyezi iwiri itatu. Mwezi wa fizi ndi mwezi wogula feteleza musagule kalikonse. Ndipo chomwe chingakuthandizeni kwambiri nkusankha mzere umodzi. Pa 312 paja ndikhulupirira muli tambiri tooneka ngati chinjoka kapena roketi tomwe munangogula poti tinalipo. Inu nkhani yanu inayambira pa Land Rover ya bambo anu, bwanji osangotolera galimoto zomwe zinayendapo m'misewu yathu, Land Rover, Land Cruiser, Hilux, Peugeot, Datsun, VW kachikumbu, malole ndi mathirakitala. Mukatero mukaona chithunzi pa WhatsApp funso limakhala limodzi, kodi iyi inayendapo pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza? Ngati ayi, foni m'thumba. Totsala tosagwirizana ndi mzerewo ndi tosinthanitsa, kusinthana sikufuna dola. Mawu oti ukachedwa atenga wina musamawaope, ogulitsa aliyense amatero, ndipo mitundu yotchukayi Mattel amaibweretsanso ndi penti ina.

Palinso china chomwe sichifuna forex olo pang'ono. Amisiri a mawaya ndi osema alipo kwathu kuno, ena amagulitsa kwa alendo okwera phiri ku Likhubula. Apatseni chithunzi cha lole ya tiyi kapena basi zakale zija za United Transport akupangireni, muike pa shelefu pambali pa tachitsulo. Kapena mukhale pansi ndi ana anu aang'onowo muwaphunzitse kupinda waya, poti ana a masiku ano ambiri sakudziwanso.

Za apongozi sinditaya nthawi. Alemekezeni, musakangane nawo, koma mwamuna amene fizi walipira, ufa uli m'nyumba ndipo sanamiza mkazi wake, zomwe waika pa shelefu yake palibe mlandu. Anzanu ena ndalama yomweyo imathera pa bawa ndi pa kubetcha mpira, pakutha pa chaka alibe olo choloza. Kungoti pakadali pano mawu awo ali ndi pogwira chifukwa cha katapila, chotsani pogwirapo.

Chiperoni nacho, katoni ya pepala imayamwa chinyezi nde ichotseni. Gulani chibaketi cha pulasitiki cha chivindikiro chothina, muponyemo timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano kapena m'mabotolo a mankhwala, tolembedwa silica gel, ndipo chisagunde khoma kapena simenti, chikhale pa thabwa. Mapaketi omwe achita kale chuku apatuleni, apukuteni ndi kansalu kouma, muwaike pamthunzi podutsa mphepo tsiku lopanda nkhungu. Padzuwa ayi, pulasitiki yake imasanduka yachikasu ndipo utoto wa pepala umafwifwa. Ta pa shelefu thupi lake silichita dzimbiri lofiira koma timawaya togwira matayala timachita, nde musamatitsuke ndi madzi, burashi yofewa youma yakwana. Mudzandilemberenso mukayankhula ndi mayi.

Malume

A Malume,

Ine ndine mtsikana wa zaka 29, namwino, ndimakhala ku Luchenza. Nkhani yanga ndi ya LEGO, tizidutswa ta pulasitiki tolumikizana tomangira zinthu. Ndikaweruka ku naiti mutu umakhala uli wuu, tulo sitibwera, nde ndimakhala pa mphasa nkumamanga tinyumba ndi timagalimoto mpaka mtima utakhazikika. Bokosi latsopano sindinagulepo, ndimagula za kaunjika zosakanikirana mu jumbo, kale jumbo yodzadza inali K2,500 pano akuti K15,000 ndipo theka lake zimakhala zabodza zosagwirana bwino. Ndasiya kugula miyezi inayi tsopano poti ndikulipirira mng'ono wanga ku koleji. Mu shopu ina ya amwenye ku Limbe ndinaona mabokosi a zofanana ndi LEGO zotchipa, kodi ndigule zimenezo? Nanga zenizeni ndingazizindikire bwanji pa msika kuti ndisamataye ndalama? Chinanso, ana a aneba amabwera kudzasewera nazo ndipo tizidutswa tikusowa, kuwakaniza ndikuchita manyazi.

Namwino, Luchenza

Achemwali,

Kusiya miyezi inayi chifukwa cha fizi ya mng'ono wanu mwachita bwino, ndipo inu mwayi wanu ndi woti LEGO si ngati tigalimoto ta achimwene a pamwambapa. Kagalimoto ukagula kamakhala komweko, pomwe zanuzi mukaphwasula nyumba ya dzulo lero mumanga sitima, zidutswa zomwezo. Chomwe chimakukhazikani mtima pansi mukachoka ku wodi ndi kumangako, osati kugula, nde olo mutatha chaka osaonjezera simutaya kanthu.

Kuzindikira zenizeni nkosavuta. Pa tinjerwa ta LEGO, pamwamba pa timitu tozungulira tija, pamalembedwa dzina loti LEGO pa kamutu kalikonse, tizilembo tating'ono kwambiri, yatsani tochi ya foni muone. Kopanda dzina kapena kolembedwa zina si kawo. Zenizeni zikagwirana zimalira kuti thwa ndipo sizigwedera, m'mbali mwake mosalala mopanda zotsalira za pulasitiki. Kampaniyi ndi ya ku Billund ku Denmark, inayamba mu 1932 ndi zidole zamatabwa, ndipo kagwiridwe ka njerwa zake kamene tikudziwaka ndi ka 1958, nchifukwa chake kadutswa kakale kochokera mu belo kamalowana bwinobwino ndi katsopano. Nde pa msika musagulenso jumbo yomanga kale. Muuzeni wogulitsayo akhuthule pa saka musankhe nokha, mulipire za zomwe mwasankhazo, akakana pitani kwa wina. Pitani tsiku lomwe atsegula belo, m'mawa, ndipo mukapeza mnyamata mmodzi wokhulupirika musiyireni nambala azikuimbirani.

Za mabokosi otchipa a ku Limbe, sindikuletsani. Inu simukusungira kuti mudzagulitse, mukufuna zomanga, ndipo zina mwa zimenezo zimagwirana bwino ndithu pomwe zina ndi zinyalala zoti ukamanga khoma likugwa lokha. Gulani kabokosi kamodzi kakang'ono muyese kaye musanataye ndalama yambiri, ndipo muzisunge mu chitini chake chake, mukasakaniza ndi zenizeni mudzavutika kusankhanso. Komatu zimenezi mudzachite fizi ya temu ino itatha.

Ana a aneba musawathamangitse koma musawapatsenso zonse. Zabodza zija mwati ndi theka la jumbo, ziikeni mu beseni lawo, azisewera pakhonde inu muli pompo, pomaliza aliyense atolere abweze musanawatsanzike, ndipo muwauze poyera kuti za mu chitini ichi ndi za anti, sizigwiridwa. Ana amamva lamulo likakhala lomveka. Inu monga namwino mukudziwa kale za makanda okwawa ndi tizidutswa tating'ono mkamwa, amenewo asayandikire beseni. Za kaunjika zonse muzizitsuka musanazigwiritse ntchito, madzi ofunda pang'ono osapitirira madigiri 40 ndi sopo wa mbale, madzi otentha amazipinda. Mukatsukuluza ziyaleni pa lichero kapena pa thaulo pamthunzi, muzizitembenuza poti madzi amabisala kunsi m'timabowo, ndipo nyengo ya chiperoni zipatseni masiku awiri musanazitsekere mu chitini.

Malume